Mkaka na magazi n'zathu, nanga mipando ni ya ndani?

Pakati pa May 2001 na September 2004, azimayi apakati amene anali kupita ku sikelo pa George Clinic na pa Chawama Clinic anali kupemphedwa kulowa m'kafukufuku wotchedwa Zambia Exclusive Breastfeeding Study, mwachidule ZEBS. Ofufuza anali kufuna azimayi amene anapezeka na kalombo ka HIV, ndipo funso lawo linali limodzi: kodi mwana wa mayi wotele amapulumuka bwino akamuchotsa ku bele mwamsanga, kapena akamusiya kuti apitilize kuyamwa? Ana a m'kafukufuku uja manje ni akulu-akulu, ena timakwela nawo mabasi a ku Lilanda na ku Zingalume osadziwa. Sitikuti mupite mukafunse amayi anu ngati analimo. Nkhani ya magazi a munthu ni ya mwini wake.

Tikumbukile mmene zinthu zinalili. Mu 2001 pa makiliniki a m'makomboni panalibe ma ARV. Chimene mayi anali kupatsidwa ni pilisi limodzi la nevirapine pa nthawi yobeleka, na kamankhwala ka madzi ka mwana akangobadwa. Akatswili anali kudziwa kuti kalombo kamatha kupita kwa mwana kupitila mu mkaka, choncho malangizo a nthawi ija anali akuti mayi amene angakwanitse asewenzetse mkaka wa m'chitini, ndipo amene sangakwanitse ayamwitse miyezi yochepa chabe kenako aleke. Pa pepala zinali zomveka. Koma mu George mkaka wa m'chitini umafuna ndalama wiki iliyonse, umafuna madzi abwino, umafuna malasha owilitsila botolo pakati pa usiku. Umafunanso yankho kwa apongozi na maneba akayamba kufunsa chifukwa chake mwana wa miyezi inayi sayamwa.

Azimayi 958 anagawidwa m'magulu awili mochita ngati maele. Gulu loyamba linauzidwa kuyamwitsa bele lokha kwa miyezi inayi, kenako kuleka kamodzi-n'kamodzi, ndipo linapatsidwa mkaka wa m'chitini na phala la ana kuti zithandize. Gulu lachiwili linauzidwa kupitiliza mpaka pamene mayi afunila. Ana analondoledwa kwa zaka ziwili. Zotulukapo zinasindikizidwa mu 2008 m'magazini yotchuka ya madokotala ya ku America, New England Journal of Medicine. Kuchotsa mwana ku bele mwamsanga sikunathandize: ana amene anafika zaka ziwili ali moyo komanso alibe kalombo anali 68 pa 100 m'gulu loyamba na 64 pa 100 m'gulu lachiwili, kusiyana kochepa kumene ofufuza anaona kuti kungachitike mwangozi chabe. Choopsa chinaonekela pa ana amene anali atatenga kale kalombo pofika miyezi inayi. Mwa amenewa, a m'gulu loleka kuyamwa anamwalila pafupi-fupi 74 pa 100, pamene a m'gulu lopitiliza anamwalila 55 pa 100. Manambala awa ni tumabokosi tumene tunachoka m'mayadi mwathu kupita ku Chingwere.

Mu 2010 bungwe la WHO linasintha malangizo ake. Linati mayi amene ali na HIV ayamwitse bele lokha miyezi 6, apitilize mpaka mwana akwanitse chaka pamene ma ARV akuteteza mwanayo, ndipo poleka aleke pang'ono-pang'ono. Kafukufuku wa ku maiko ena anathandizilako, koma umboni wa ku George na ku Chawama unali pakati pa umene unalemela. Nesi wa ku Kampala kapena ku Maputo akamauza mayi lelo kuti asachotse mwana ku bele mwadzidzidzi, akubweleza zimene azimayi a kuno anaonetsa na matupi awo.

Manje tiyeni tione maina amene ali pamwamba pa pepala lija. Loyamba ni la Louise Kuhn wa ku Columbia University ku New York, lomaliza ni la Donald Thea wa ku Boston University, ndipo m'mapepala a sayansi malo awili amenewa ndiwo amapatsidwa otsogolela nchito. Pakati pali a kuno kwathu: Dr Moses Sinkala amene anali mkulu wa zaumoyo mu Lusaka, Dr Chipepo Kankasa na Dr Mwiya Mwiya a ku UTH, na ena. Ndalama zinachokela ku boma la America. Sitikamba izi monyoza, chifukwa kafukufukuyu anali wabwino ndipo anapulumutsa ana athu omwe. Tikufuna chabe muone kuti pa nchito yofufuza za mankhwala pamakhala mipando. Pali mpando wa amene amasankha funso na kupeza ndalama, pali wa amene amasandutsa yankho kukhala lamulo la dziko, palinso wa amene amasandutsa yankho kukhala katundu wa pa msika. Iwili yoyambayi anthu a mu Zambia anailimbila ndipo ayamba kuikhala. Wachitatu ukali wozizila.

George anazolowela alendo onyamula mapepala. Ann Schlyter wa ku Sweden anayamba kujambula mapu a nyumba zathu chakumapeto kwa ma 1960, n'kumabwelanso kwa zaka makumi ambili. A JICA a ku Japan, amene anatibweletsela matanki na mapompi m'ma 1990 pambuyo pa kolela, anafufuzanso muno za kolela na za thanzi la ana. Mantha nawonso ni akale. M'nthawi ya atsamunda agogo athu anali kukamba za banyama, anthu ogwila anzawo usiku kuti awachotse magazi, ndipo m'ma 1990 dzina linasintha, tinayamba kumva za masatanisti. Nkhani izi n'zabodza ndipo zathawitsa odwala ambili ku chipatala. Koma pansi pake pali funso la nzelu limene silinayankhidwe bwino kwa nthawi yaitali: magazi anga apita kuti, ndipo adzadyelapo ndani?

Mpando woyamba tiuonele pa Professor Chifumbe Chintu. Anaphunzila udokotala ku Toronto ku Canada, n'kubwela kudzagwila nchito pa mawodi a ana ku UTH, ndipo anakhalapo mkulu wa sukulu ya madokotala ya UNZA. Kuyambila mu 2001, pamodzi na anzawo a ku Medical Research Council ya ku Britain, anayesa Septrin pa ana a HIV opitilila 500, a zaka 1 mpaka 14. Inde, Septrin yemweyu timamudziwa tonse. Ambili anali kukayika, chifukwa tuzilombo twambili kuno tunali tutayamba kale kulimbana na mankhwalawa. Theka la ana linapatsidwa Septrin tsiku lililonse, theka linapatsidwa mankhwala ongofanana naye maonekedwe. Mu October 2003 kafukufuku anaimitsidwa nthawi isanakwane, chifukwa kusiyana kunali kutaonekelatu: mwa ana omwa Septrin anamwalila 28 pa 100, mwa enawo 42 pa 100. Kupitiliza kupatsa ana ena mankhwala opanda kanthu kukanakhala mlandu. Pepala linatuluka mu The Lancet mu November 2004, dzina la a Chintu lili patsogolo, ndipo mwezi womwewo WHO, UNAIDS na UNICEF analengeza kuti ana a HIV komanso obadwa kwa amayi a HIV azipatsidwa mankhwalawa. A Chintu anamwalila mu 2017.

Palibe amene analemela na Septrin uja. Ni mankhwala akale, aliyense ali na ufulu wowapanga, mtengo wake ni wa ngwee. N'chifukwa chake palibe kampani imene inathamangila kukawayesa pa ana a ku Africa, mpaka panafunika dokotala wa chipatala cha boma na ndalama za thandizo. Kuti muone mmene ndalama zimayendela pakakhala mwini, tiyeni titsegule botolo la Triomune.

Mu April 2004 ma ARV aulele anayamba kupelekedwa pa makiliniki a m'makomboni a Lusaka, George naye analowamo posapita nthawi, ndipo pofika November 2005 anthu opitilila 16,000 anali atayamba kumwa. Ambili anali kulandila Triomune, pilisi limodzi la mankhwala atatu. Amodzi mwa atatuwo, stavudine, mphamvu yake pa HIV inatulukilidwa na asayansi a pa Yale University ku America. Kumeneko kuli lamulo la 1980 lotchedwa Bayh-Dole, limene limalola yunivesite kutenga patent, chikalata cha umwini wa luso, pa zinthu zotulukilidwa na ndalama za boma. Mayunivesite akulu ali na ofesi ya nchito imeneyi yokha, mokhala anthu odziwa sayansi, malamulo na malonda pamodzi. Iwo samagwila odwala. Amayenda m'ma labu kufunsa zimene zapezeka, amalembetsa patent, amafuna kampani yogula, amakambilana mtengo. Yale inapatsa kampani ya Bristol-Myers Squibb ufulu wopanga stavudine, n'kumalandila mamiliyoni a madola chaka chilichonse, pamene kuno mankhwala a chaka chimodzi a munthu mmodzi anali kupitilila madola 10,000. Mu 2001 ana a sukulu a pa Yale pamodzi na bungwe la Médecins Sans Frontières anaikakamiza yunivesiteyo, ndipo kampani inagwetsa mtengo ku Africa. Chaka chomwecho Yusuf Hamied, katswili wa chemistry amene anali kutsogolela kampani ya Cipla ku India, analengeza kuti adzagulitsa mankhwala atatu pamodzi pa madola 350 pa chaka, osafika dola imodzi pa tsiku. Triomune anali wake. Akulu athu amene anamwa mapilisi aja amakumbukila mapazi otentha na masaya ophwa, zimene stavudine anali kubweletsa, ndipo mu 2007 Zambia inayamba kusinthila ku tenofovir. Koma ambili a iwo akali moyo chifukwa cha mikangano ya patent imene inachitikila ku maiko amene sanapondeko.

Zambia nayo inayesako. Mu September 2004 nduna ya zamalonda, a Dipak Patel, anasaina chilolezo chokakamiza, chimene malamulo a malonda a dziko lonse amalola pa nthawi ya mlili. Chilolezocho chinapatsa kampani ya Pharco ufulu wopanga kuno mankhwala atatu aja popanda kudikila eni patent kuti avomele, bola awalipile kagawo kosapitilila 2.5 pa 100. Linali lingalilo lolimba mtima. Koma chilolezo ni pepala. Kuti pilisi lituluke pamafunika zopangila zimene zimagulidwa kunja, labu yotsimikizila kuti pilisi lililonse lili na mlingo woyenela, na ogula aakulu amene amagula chabe mankhwala ovomelezeka na WHO kapena na mabungwe oyang'anila mankhwala a ku maiko olemela. Mabotolo amene tinapitiliza kulandila pa windo la kiliniki anali olembedwa India.

Nkhani imene imaonetsa bwino kuuma kwa mpando wachitatu ni ya Sondashi Formula. Dr Ludwig Sondashi ni loya, udokotala wawo ni wa zamalamulo, ndipo anakhalapo nduna. Anapanga mankhwala a zitsamba otchedwa SF2000 n'kumakamba kuti amachilitsa AIDS. Mu 2005 na 2006 boma linayesa mankhwala a zitsamba atatu, Sondashi, Mailacin na Mayeyanin, pa anthu 26 a HIV, motsogoleledwa na Dr Patrick Chikusu. Yankho linali lakuti sanaoneke kuti amavulaza, koma sanachotse kalombo. Wa Sondashi anapitiliza ulendo. Anatumizidwa ku CSIR, bungwe la boma lofufuza za sayansi ku South Africa, kumene anaupela, kuupima na kuuika m'makapisozi kuti mlingo ukhale umodzi. Kenako chapakati pa ma 2010 anayesedwa ku Tropical Diseases Research Centre ku Ndola pa anthu abwino-bwino opanda kalombo.

Apa m'pamene ambili timasokonezeka, ndipo pa mawailesi mafoni amalila kuti boma likubisa mankhwala. Gawo loyamba la kuyesa mankhwala limafunsa chinthu chimodzi chabe, ngati munthu angamwe osavulala. Silifunsa ngati achila. Funso limenelo ni la gawo lachiwili na lachitatu, amene amafuna odwala mazana kapena masauzande, zaka zingapo na ndalama zambili zedi. Pa HIV palinso vuto lina: komiti ya chilungamo cha kafukufuku singalole kuti munthu aleke ma ARV amene tikudziwa kuti amagwila nchito pofuna kuyesa chitsamba. Padziko lonse, pa mankhwala khumi amene amafika poyesedwa pa anthu, pafupi-fupi amodzi chabe ndiwo amafika pa shelefu. Kufikila lelo palibe umboni wakuti SF2000 imachilitsa HIV, ndipo amene ali pa ma ARV asaleke. Mu January 2015 a Sondashi anaimila pa chisankho cha pulezidenti atanyamula lonjezo la mankhwala awo, koma voti siyesa mankhwala. Ise tiona kuti chimene chinasowa pa nkhani yonseyi ni munthu wa pakati: wodziwa kulemba pangano la umwini pakati pa mwini chitsamba, boma na labu ya kunja, wodziwa kupeza ndalama za gawo lotsatila, komanso wolimba mtima kuuza anthu poyela ngati zotulukapo n'zofooka. Pamalo opanda munthu wotele m'pamene pamalowa zinthu ngati Tetrasil, amene mu 2007 anali kulengezedwa mu Lusaka ngati mankhwala a AIDS mpaka boma linaulula kuti ni mankhwala otsukila madzi a mu swimming pool.

CSIR yomweyo ili na mbili yofunika kuidziwa. M'ma 1990 inatenga patent pa chomela cha hoodia, chimene anthu a mtundu wa San anali kudya kuti asamve njala posaka nyama, n'kugulitsa ufulu kwa kampani ya ku Britain yofuna kupanga mankhwala ochepetsa thupi. A San sanafunsidwe. Anachita kulimbana, ndipo mu 2003 anasaina pangano lakuti adzalandilako gawo. Mu 2008 kampani ya Unilever inasiya nchitoyo, chuma chachikulu chimene anthu anali kuyembekezela sichinabwele. Zambia inakhazikitsa lamulo loteteza nzelu za makolo na zomela zathu mu 2016, chaka chimodzi na lamulo latsopano la patent.

Mpando wachiwili, wa malamulo, unakula na mkangano. Mu December 2009 zinalengezedwa kuti mafuta otchedwa PRO 2000, amene azimayi anali kuyesa ku Mazabuka na ku maiko ena atatu kuti aone ngati angawateteze ku HIV, sanagwile nchito. Azimayi ena anatenga kalombo m'kati mwa kafukufuku, monga mmene zinachitikila na amene anapatsidwa mafuta opanda mankhwala. Mafutawo sanapatse munthu matenda, koma manyuzipepala, mafumu na andale anakamba ngati azimayi anaphedwa dala, ndipo panalibe ofesi imodzi ya boma imene ikanaimilila n'kunena kuti ndise tinavomeleza, ndise tinayang'anila, mapepala ni awa. Makomiti a chilungamo analipo ku UNZA na ku Ndola, koma lamulo la dziko lonse kunalibe. Linabwela mu 2013, National Health Research Act, limene linakhazikitsa National Health Research Authority. Lamuloli limati magazi, mkaka kapena kanyama ka m'thupi sizingatuluke m'dziko popanda chilolezo na pangano lolembedwa lonena kumene zipita na nchito yake. Limatinso ofufuza ochokela kunja ayenela kukhala na munthu wa mu Zambia, wokhala muno, pakati pa otsogolela. Amene anatsogolela bungweli m'zaka zake zoyambilila ni Professor Godfrey Biemba, dokotala amene anafufuzapo za malungo ku Macha. Funso la agogo athu lija manje lili na fomu yake na ofesi yake.

Kuti muone kuti lamulo ili si lamasewela, bwelelani ku mkaka wa ZEBS. Unasungidwa m'mafiliji, ndipo zaka zambili pambuyo pake unali kupimidwabe ku America. Mu 2012 gulu la Lars Bode wa ku San Diego linafalitsa zimene linapeza mu mkaka umenewu, zakuti amayi amene mkaka wawo unali na tumashuga twapadela twambili sanali kupatsila ana awo kalombo kwambili. Lelo tumashuga twa mtundu umenewu tumapangidwa m'mafakitale n'kuikidwa mu mkaka wa m'chitini wodula. Sitikuti makampani anaba ku George, luso lawo linachokela ku ma labu ambili. Koma kabotolo ka mkaka kamene mayi anafinya pa kiliniki mu 2003 kanali na mtengo umene sitinali kuudziwa.

Nanga amene akhala pa mipando iyi anafikapo bwanji? Professor Nkandu Luo anayambila mu labu ku UTH, kufufuza tuzilombo na HIV matendawa atangoyamba, n'kulowa ndale mu 1996 ngati phungu wa Mandevu. Anakhalapo nduna ya zaumoyo, ndipo kuchokela mu 2016 mpaka 2019 anali nduna ya maphunzilo apamwamba, kumene kunalinso za sayansi. Tidziwa kuti amene munali pa UNZA kapena pa CBU nthawi ija mumawakumbukila chifukwa cha meal allowance. Ndiye mpando wa ndale umenewo, ukaukhala anthu amaiwala za labu. Professor Roma Chilengi anapita njila ina: zaka zambili pa kafukufuku wa katemela, makamaka wa rotavirus yotsegula m'mimba ana, kenako mu 2021 mlangizi wa pulezidenti pa COVID-19, kenako mkulu wa Zambia National Public Health Institute. Dr Izukanji Sikazwe anaphunzila udokotala pa UNZA, anakawonjezela ku America, anabwela, ndipo mu 2017 anakhala mkulu wa CIDRZ, bungwe limene linayamba mu 2001 ngati mgwilizano na yunivesite ya ku Alabama, a Sinkala ali mmodzi wa oyambitsa, n'kudzaima palokha ngati bungwe la mu Zambia mu 2011. Pambuyo pake anapita kukatsogolela nchito za HIV ku Global Fund ku Geneva. Onsewa anayamba na digili ya udokotala kapena ya sayansi, anakaphunzila kunja, anasindikiza mapepala, kenako anaphunzila zimene sukulu ya madokotala siphunzitsa: bajeti, kulemba pempho la ndalama, kukamba na nduna m'mphindi zisanu.

Kwa mwana wa mu George makwelelo awa ni aatali, tisanamizane. Pa kiliniki nchito za kafukufuku zimene timaona ni za pansi: ma peer educator, alangizi, olondola odwala m'makomboni, olowetsa manambala mu kompyuta, mamembala a Community Advisory Board amene amaimilila anthu pamaso pa ofufuza. Zambili ni za kontilakiti, zimatha ndalama za polojekiti zikatha, ndipo mu January 2025 America itaimitsa thandizo lake tinaona mmene zimathela usiku umodzi. Komabe khomo limakhala pomwepo. Wa data amene aphunzila statistics, wa labu wa diploma ya pa Evelyn Hone amene awonjezela digili pa Ridgeway, nesi wa kafukufuku amene aphunzila kuyang'anila study yonse, awa amakwela. Ndipo mpando wachitatu sufuna madokotala okha. Umafuna maloya odziwa patent, a pharmacy odziwa kulembetsa mankhwala ku ZAMRA, a accounts odziwa kuwelengela mtengo wa fakitale, ma engineer osamala makina. Maofesi alipo: PACRA imalembetsa patent, National Technology Business Centre inakhazikitsidwa kuti izitengela zotulukilidwa ku msika, ndipo kuyambila mu 2021 kuli unduna wa Technology and Science. Chimene sitinaonebe ni mankhwala kapena chopimila matenda chotulukilidwa pa Ridgeway kapena ku Ndola chili pa shelefu ya pharmacy ku Matero, ndalama zake zikubwelela ku labu imene inachipanga.

Kolela ya 2023 na 2024 inatikumbutsa mtengo wa kusowa kumeneku. Anthu opitilila 20,000 anadwala, pafupi-fupi 700 anamwalila, Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anatsegulidwa mu February m'malo mwa January. Katemela wa kolela anali wosowa padziko lonse, chifukwa kampani ya ku India imene inali kupanga inali italeka, n'kutsala ya EuBiologics ya ku South Korea yokha yodzaza nkhokwe ya dziko lonse. Kuyambila mu October 2022 maiko anali kupatsidwa dozi imodzi pa munthu m'malo mwa ziwili. Mu October 2024 boma, kupitila mu Industrial Development Corporation, linasaina pangano na kampani ya ku China ya Jijia International Medical Technology kuti katemela wa kolela azipangidwa mu Lusaka. Pa pangano lotele zonse zili m'mizele yaing'ono: ngati tidzapanga katemela kuyambila pachiyambi kapena kungothila m'mabotolo zobwela kale, luso lidzakhala la ndani zaka khumi zikapita, ndani adzaika mtengo, ndipo ni anthu angati a kuno adzaphunzitsidwa kuyendetsa labu yotsimikizila ubwino. Katemela ameneyo asanagulitsidwe adzafunika kupita ku ZAMRA, ndipo akafuna kumuyesa pa anthu, ofufuza adzapita kumene kolela imayambila mvula ikagwa, ku Kanyama, ku Chawama na kuno ku George, atanyamula mafomu akuti tisaine.